Mawu Obwereka Kumanda

Masudi anafika m'mawa wa Lachitatu, chifunga chisanachoke pamitengo ya paini ya ku Namacula, ndipo anakana kulowa m'nyumba. Anakhala pamtondo wogona pakhomo, anavula kofia, anaisuzumira m'kati ngati muli kalata, kenako anaivalanso. Ambrósio anangoona zimenezo n'kudziwa kuti mlamu wakeyu sanabwere kudzazonda wodwala.

"Alamu," anatero Masudi, "mbatatesi takumba, tamaliza. Munda wa chemwali wangawu ndalima ndine, chaka chatha ndi chino, pamene nanenso ndili ndi banja langa ku Sanjala. Sindikudana nanu, wallahi. Koma Domingo, Lamulungu likubwerali, ndifika ndi akuluakulu kuti tikuperekezeni kwanu ku Maniamba. Kapena muli ndi mawu?"

Ku Namacula mwamuna amakakhala kwa mkazi, ndipo chimene chimamusunga pamudzi ndi khasu lake. Nyumba ndi ya mkazi, mwana ndi wa mkazi, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa mkaziyo. Akati pita, umapita ndi mphasa yako basi. Ambrósio ankazidziwa zonsezi. Mkazi wake Deolinda anali pakhonde akusankha nyemba m'lichero, kamwana kawo Brígida kali kumsana, ndipo manja ake anasiya kusankha.

Ambrósio anatsegula pakamwa. Mawu anali pafupi kutuluka. Koma munthu ameneyu anali ndi nthenda imodzi kuyambira ubwana: mantha akamugwira, ankathawira m'kamwa mwa munthu wina. Anapinda milomo, anakweza mphuno, n'kulankhula ndi mawu a nesi wachizungu wa kuchipatala, osasiya ngakhale kamodzi.

"Paciência, rapaz! Pirira, mnyamata! Mwendo si basikolo!"

Palibe anaseka. Masudi anamuyang'ana nthawi yaitali, anayang'ananso mlongo wake, n'kudzuka. Deolinda anayambanso kusankha nyemba, koma zabwino ndi zofumbwa ankaponya mbali imodzi.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, munthu akanaseka kumva kuti Ambrósio angasowe chonena. Tawuni yonse ya Vila Cabral inkamudziwa. Kunalibe sewero la kutchalitchi, la paukwati kapena la tsiku la chikondwerero cha festa limene linkayamba iye asanafike. Ankatha kukhala mfumu Herode m'mawa, madzulo n'kukhala mayi wogulitsa makala amene akukangana ndi mbuzi yake. Mpaka pa Lachisanu Loyera la 1956, pamene ankasewera Yudasi wodzipachika pamtengo. Chingwe anachimanga bwino m'khwapa, pansi pa mkanjo, monga chaka chilichonse. Chimene sanachione ndi chakuti nthambi inali itadyedwa ndi chiswe. Anthu anaomba m'manja kuti chaka chino Yudasi wagwa mokoma, ndipo panapita nthawi asanazindikire kuti sakudzuka.

Nyonga inathyoka, tsaya linang'ambika pamwala. Anagona m'chipatala miyezi iwiri, mwendo utakokedwa ndi thumba la mchenga. Atatuluka anaphunzira kuyenda ngati khanda: kuchokera pamphasa kufika pachitseko, sabata yotsatira kufika pankhokwe, thukuta lili kamukamu m'mwezi wa Juni pamene ena akuothera moto. Kuyenda anayenda, ndi ndodo, akukoka phazi. Koma khasu linamukana. Akati aweramire mzere, ululu unkamulasa kuchokera m'chiuno mpaka m'mano. Ndipo a masewero, anzake aja, anamuyang'ana tsaya lokokeka lija n'kumuuza mokoma mtima kuti apume kaye. Kupuma kwake kunalibe tsiku lothera.

Chinatsala ndi pakamwa. M'chipatala muja ankasangalatsa odwala anzake potsanzira nesi, wophika, ngakhale chitseko cholira cha kuchimbudzi. Kumeneko ndi kumene anamumva António, Mpwitikizi wowonda amene anabwera kudzamangitsa dzanja lopsa. António ankayendetsa galimoto ya sinema ya boma, yoonetsa anthu mafita, kapena kuti mafilimu, a zaumoyo ndi zaulimi. Vuto lake linali lakuti mafitawo ankalankhula Chipwitikizi. Asipayi, apolisi achikuda a boma, ankasonkhanitsa anthu ndi zikoti, anthu ankayang'ana pang'ono, kenako n'kumazemba mmodzimmodzi ngati madzi m'dengu, ndipo akuluakulu a António ankafuna kudziwa chifukwa chake. Tsiku lina António anamuuza Ambrósio kuti chimene mafita ake akusowa ndi pakamwa ngati pakepo.

Lachinayi, tsiku lotsatira atabwera Masudi, Ambrósio anadzikoka mpaka kutawuni. Anapuma kanayi panjira. Anamupeza António atagona pansi pa galimoto.

"Sinyoro António, paja munanena kuti mukufuna pakamwa."

António anatuluka, anapukuta manja, ndipo anamufotokozera m'Chipwitikizi chake chothamanga. Sabado, Loweruka masana, adzaonetsa fita m'nyumba yosungiramo chimanga, mazenera atatsekedwa ndi masaka. Mawu a m'fita adzawazimitsa. Ambrósio adzabisala m'kachipinda ka sikelo ndi mikolofone, n'kumalankhulira munthu aliyense wooneka pansalu. Koma asauze aliyense. Anthu aziganiza kuti nsalu ndi imene ikulankhula.

"Akakhala mpaka kumapeto, ntchito ndi yako," anatero António. "Akathawa, pronto, sitinakumanepo."

Lachisanu anamuonetsa fitayo kawiri. Inali ya katemera wa nthomba. Wobaya katemera afika pamudzi ndi chikwama chake. Mnyamata wamakani amukankha pakhomo. Nkhalamba yaikazi, mayi wake wa mnyamatayo, ituluka m'nyumba, imugwira dzanja, imuloza chala kumaso. Kenako onse abayitsa ndipo aseka mano onse panja, monga anthu a m'mafita a boma amasekera. Ambrósio anawapatsa onse mawu, ndipo António, amene Chinyanja ankangodziwa cha moni ndi chotukwana, anaseka mpaka kutsamira galimoto.

Ambrósio sanamuuze Deolinda. Ankaopa kuti akalephera adzakhala wopunduka amene walepheranso kulankhula. Sabado m'mawa ananama kuti akupita kukaonetsa mwendo. Mkaziyo anangoti, "Muyende bwino, bambo a Brígida," osakweza maso.

M'kachipinda ka sikelo munkanunkha anankafumbwe ndi mikodzo ya makoswe. Pakhoma la matabwa panali mng'alu wokwana diso limodzi, ndipo pamenepo ankaona nsalu yoyera ndi mitu ya anthu. Asipayi anagwira ntchito yawo: anabweretsa a ku Assumane, a ku Sanjala, a ku Namacula, mpaka nyumba inadzaza. Amuna anakhala kumanja, akazi kumanzere. Ambrósio sanachite kufunafuna. Masudi anali mzere wachiwiri, akusenda chinangwa chachiwisi ndi mpeni. Deolinda anali pafupi ndi khoma, mwana ali pamiyendo.

Makina anayamba kulira, kuwala kunagwa pansalu. Wobaya katemera anatulukira ndi chikwama chake, ndipo Ambrósio anayamba.

"Odi kuno! Odi! Kodi agalu anu amaluma antchito a boma, kapena amasankha?"

Anthu anayang'anana. Kenako mayi wina anakuwa, "Ikulankhula Chinyanja!" ndipo chiseko chinaphulika mpaka fumbi linagwa kudenga. Ambrósio anamva chinthu chimene anali atachiiwala, kutentha kwa anthu ambiri akamaseka chifukwa cha iwe. Anampatsa mnyamata wamakani uja mawu a m'mphuno, anapatsa galu chifuwa, ngakhale nkhuku yodutsa anaipatsa dandaulo lake. Palibe anayang'ana kukhomo. Asipayi enieniwo anaiwala zikoti.

Apa munthu wanzeru akanangomaliza ntchito yake, n'kupita kunyumba kukanena kuti ndapeza chochita. Koma diso la Ambrósio linabwerera pamng'alu paja. Masudi ankaseka, chinangwa chili m'kamwa, akumenya bondo la mnzake. Wosekayo anali munthu amene mawa lomwelo adzabwera ndi akuluakulu kudzamunyamulira mphasa. Ndipo ntchito ya António, ikapezeka, kodi Masudi adzaiyesa ntchito? Kubisala m'kachipinda n'kumalira ngati nkhuku? Mawa ndi Domingo. Sipadzakhala nthawi yoti aone phindu lake. Ambrósio anaona Brígida akukula osamudziwa, akutchula munthu wina kuti bambo.

Pansalu, mnyamata anakankha wobaya katemera pakhomo. Chitseko chinatseguka, nkhalamba inatuluka.

Apongozi ake a Ambrósio, Abiti Momade, anali atamwalira zaka zitatu m'mbuyomo. Anali mayi wa fodya wa m'mphuno, amene asanalankhule ankakhosomola kawiri, kachiwiriko motsitsa, ndipo mawu awo ankatuluka mokhadzula, Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao. Masiku oyamba a ukwati, akakhala awiriwiri kumunda, Ambrósio ankawatsanzira kuti amuseketse Deolinda, ndipo Deolinda ankaseka mpaka kukhala pansi pamzere, akumuchonderera kuti asiye asanamve eni ake. Palibe wina anamumvapo akuchita zimenezo. Tsopano, m'kachipinda konunkha makoswe kaja, anayandikitsa pakamwa pa mikolofone n'kukhosomola kawiri, kachiwiriko motsitsa.

Kumbali ya akazi a ku Namacula chiseko chinaduka.

"Iwe Chipwete!" Limeneli linali dzina la Masudi la paubwana, limene mayi ake okha ankamutchula, chifukwa ankaba zipwete m'minda ya anthu. Pansalu nkhalamba inali itagwira dzanja la mnyamata, chala chili kumaso kwake. "Ndangogona zaka zitatu, wayamba kale kuthamangitsa anthu pakhomo panga? Munthu ndinamulandira ine. Malo ndinamupatsa ine. Wathyoka mwendo, ndiye wasanduka galu? Musiye mwana wanga akhale. Ukamuchotsa, ine sindigona."

A ku Assumane anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala ina. Koma mayi wina wa ku Namacula anafunda nsalu kumutu n'kuyamba kulira maliro. Masudi anaimirira. Chinangwa ndi mpeni zinagwa pansi. Mthunzi wa mutu wake unaphimba theka la nsalu, ndipo m'nyumba monse munamveka mawu ake.

"Subhanallah. Amayi?"

Msipayi anamukhazika pansi ndi phewa. Ambrósio, thukuta likuyenderera m'chipsera cha patsaya, anabwerera msanga ku nkhani ya nthomba. Anthu a m'fita anabayitsa, anaseka mano onse panja, ndipo makina anazima. Palibe ngakhale mmodzi anali atatuluka.

António anatsegula kachipinda akuvina. Sanamve kalikonse, iye anangoona anthu akuseka, ena akulira, wina mpaka kuimirira. "Ndiwe mfiti, Ambrósio! Ntchito ndi yako. Segunda, Lolemba, tinyamuka, Unango, Mandimba, konse!"

Ambrósio anadikira kuti anthu abalalike, kenako anayamba ulendo wa ku Namacula, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo. Mwendo unkawawa ngati muli misomali, koma sankaumva bwino. Ankangodziuza kuti sanaphe munthu, sanabe kanthu, anangobwereka chifuwa cha womwalira kwa kanthawi kochepa.

Pakhomo anapeza Masudi atakhala pamtondo womwe uja. Maso anali ofiira. Ataona Ambrósio anadzuka, anamuthamangira, n'kumugwira dzanja ndi manja awiri.

"Alamu, mundikhululukire. Inu simunaliko, simungamvetse. Amayi alankhula lero. Anthu akuti ndi makina, ndi matsenga a Azungu, anene zimene akufuna. Nanga makina angadziwe bwanji dzina limene ankanditchula amayi? Khalani, alamu. Munda ndidzalima ine mpaka kufa kwanga. Ijuma ikubwerayi, Lachisanu, ndiphika sadaka ya mpunga kuti mzimu wawo ugone."

Ambrósio anayankha motsitsa kuti zikomo. Chimwemwe chinamufikira limodzi ndi manyazi. Masudi anapita akupukuta m'maso ndi kofia.

Deolinda anali kuseri kwa nyumba akuyanika mbatatesi zimene zinanyowa. Brígida anali mtulo pansalu, pamthunzi wa nkhokwe. Mkaziyo sanatembenuke.

"Mwendo auona bwanji kuchipatala?"

"Amayi a Brígida, ndapeza ntchito. Kwa Sinyoro António, wa sinema."

"Ndikudziwa. Ndinaliko." Anaika mbatatesi ina pansi mosamala, ngati dzira. "Pamene munati odi ndinakudziwani, ndipo ndinasangalala. Ndinati mwamuna wanga wadzuka. Ndinaseka, bambo a Brígida, ndinaseka koyamba chigwereni inu mumtengo muja."

Anatembenuka tsopano. Sankalira, ndipo zimenezo zinamuopsa Ambrósio kuposa misozi.

"Koma pamene anakhosomola, ndinaiwala zonse. Ndinaiwala kuti muli m'menemo ndinu. Mtima unati amayi abwera, ndipo ndinatsala pang'ono kudzuka kuti ndiwaonetse mdzukulu wawo amene sanamuone. Kenako anati mwana wanga. Amayi sanakutchulenipo mwana wawo. Chibatizidwireni ine kuti ndikwatiwe ndi inu, n'kusiya dzina langa la Mwanamisi, kwa iwo inu munali wamasewero uja mpaka tsiku limene anatseka maso. Mwawadzutsa kuti aname pamaso pa mudzi wonse. Ine lero ndaika maliro a amayi kachiwiri, pakati pa anthu akuseka."

"Ndinasowa pogwira," anatero Ambrósio. "Mawa akanandichotsa. Ndikanatani ine?"

"Lachitatu munali ndi pogwira." Mawu ake anatsika. "Achimwene sanafune kukufunsani kanthu. Ndinawagwira miyendo ndine. Ndinati, achimwene, munthuyu akanena yekha ndi pakamwa pake kuti akufuna kukhala ndi ine, ndidzaimirira pamaso pa akuluakulu, ndipo munda ndidzalima ndekha ndi mwana kumsana. Anavomera. N'chifukwa chake anakufunsani ngati muli ndi mawu. Ine ndinali pakhonde, ndikudikira. Inu munatipatsa nesi."

Ambrósio anatsamira ndodo ndi manja onse awiri.

"Achimwene sindiwauza," anapitiriza Deolinda. "Asiyeni akhale ndi mayi awo, aphike sadaka yawo. Koma nyumba ino ndi yanga. Galimoto ikamanyamuka Segunda, munyamule ndi mphasa yomwe."

Pamenepo mantha anamugwira kuposa tsiku lina lililonse, ndipo anamva anthu onse a m'kamwa mwake akukankhana kuti atuluke: nesi, Herode, mayi wa makala, wansembe. Anawameza onse. Anafufuza pansi pawo, ndipo chimene anapeza chinali kamawu kosasa, kopyapyala, kamene iye mwini sanakazolowere.

"Deolinda, ndikufuna kukhala. Ndikufuna kukhala ndi iwe."

Mkaziyo anapendeketsa mutu n'kumvetsera, monga munthu amamvetsera phazi la mlendo kuseri kwa mpanda. Sankamunyoza. Ankafunadi kudziwa, ndipo tsopano misozi inatsika.

"Amenewo ndi mawu a ndani?"

Ambrósio analibe njira yomusonyezera.

Lolemba m'mawa amene ananyamula mphasa mpaka kutawuni anali Masudi, ndipo njira yonse ankadandaula. Anali atachonderera mlongo wake tsiku lonse la Domingo, anamuopseza ndi mzimu wa mayi awo, anamuitanira akuluakulu aja amene anayenera kuchotsa mkamwini kuti tsopano amusunge. Deolinda anangoti ukwati watha, chifukwa chake akuchidziwa ndi iye. Pagalimoto Masudi anamugwiranso dzanja mlamu wake n'kumupempha kuti akamva kumene sinema ikulankhulanso, amutumizire uthenga, mwina amayi ali ndi mawu ena.

Ambrósio analankhulira mafita zaka zambiri, kuchokera ku Unango mpaka ku Mandimba, ali m'kachipinda, kuseri kwa masaka kapena m'galimoto momwemo. Nkhope yake anthu anaiiwala, koma nthabwala za nsalu yolankhula ankazibwereza m'minda ndi pamijigo. Chinthu chimodzi chokha chinkamukwiyitsa António, ndipo anakalipa mpaka kutopa osapeza yankho. M'fita iliyonse, nkhalamba yaikazi ikatuluka m'nyumba n'kutsegula pakamwa, mikolofone inkati zii mpaka nkhalambayo itadutsa.